Nyimbo ya pamanda a Stewart

Enifa anali mphunzitsi wochokera ku Dedza, wogwira ntchito pa Mzimba Boma, komanso ankaimba. Iye ndi oimba anzake khumi anayambitsa tsamba lawolawo la pa intaneti logulitsirapo nyimbo. Panalibe bwana. Chilichonse ankachita kuvotera.

Mwamuna wake Stewart atamwalira, anakamuika kwawo ku Edingeni. Pamanda Enifa anaimba nyimbo imene malemuwo ankaikonda, koma sanaimalize. Mawu anamuthera pakati n'kuyamba kulira.

Patatha milungu itatu, akudikira minibasi pa Jenda, anamva mawu ake akutuluka m'sipika ya pa shopu ya mafoni. Anali atawaphatikiza ndi ng'oma za pakompyuta. Pamene analira paja anapadula n'kupabwereza kanayi kuti pagwirizane ndi ng'omazo. Amuna awiri okweza matumba a chimanga m'lole ankagwedezera mitu. Enifa anakaima kuseri kwa shopuyo.

Atatsegula tsamba lija pa foni, anapeza nyimboyo ili pamwamba penipeni. Woiika anali Aaron, mlembi wa gulu lawo komanso mnzake wa malemuwo, yemwe pamaliro anaima pafupi naye foni ili m'manja.

Loweruka gulu linakumana.

"A Aaron, munandipempha?" anafunsa Enifa.

"Mlamu, ndimalemekeza malemu. Anthu aikonda chomene. Ndipo dzina lanu ndalembapo."

"Ichotseni."

"Nyimbo ya wina sachotsa munthu mmodzi. Lamulolo munalemba nawo."

Anavota. Ofuna kuti ichoke anali atatu okha. Temwa, mnzake amene anagona naye m'nyumba ya siwa masiku onse a maliro, sanakweze dzanja. Ankangoyang'ana zikhadabo zake.

"Asisi, musandione molakwika," anatero Temwa motsitsa mawu. "Isanabwere nyimboyi, tsamba lathu palibe amene ankalitsegula."

Aaron anathokoza onse m'Chitumbuka kuti yewo, n'kupempha Enifa kuti atseke ndi pemphero.

M'malo mopemphera, Enifa anatulutsa foni nachotsa nyimbo zake zonse zisanu ndi zinayi, imodziimodzi, iwo akuona. Ya pamanda ija sakanatha kuikhudza, poti inali m'dzina la Aaron. Temwa anamugwira mkono potuluka, iye anausasa.

Lolemba m'mawa, akulemba deti pabolodi, anamva ana a kumbuyo akung'ung'udza nyimbo ija, mpaka pomwe analira paja. Choko chili m'manja, anawauza kuti atsegule mabuku a masamu.