Fodya wa m'sokosi

Nkhani iyi ndinaitola pa Bembeke, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Langa linali litanyowa ndi mvula mpaka kufufutika, ndiye ndinangokhala panja, pambali pa mayi wina wogulitsa mbatata ya kachewere. Ndi iyeyo anandiuza za a Gerevazio.

A Gerevazio anali mlimi wa kabichi, Mkatolika wosajomba, koma kapolo wa fodya wofwenkha. Chimene ankalakalaka moyo wawo wonse chinali chimodzi: kukhala pakati pa amuna khumi ndi awiri oimira atumwi amene wansembe amawasambitsa mapazi pa Lachinayi Loyera. Chaka chimenecho akatekisiti anawalonjeza malo, pokhapokha atasiya fodya Lenti yonse, masiku makumi anayi osala aja. Woyang'anira anaikidwa mkazi wawo, a Filomena.

"Inuyo?" anaseka a Filomena. "Mphuno imeneyo inabatizidwa ndi fodya. Simufika ngakhale Lachisanu likubwerali."

"Mayi, muona," anatero a Gerevazio, phulusa la tsiku loyamba Lenti likadali pamphumi.

Koma kachitini ka fodyako sanakataye. Anakalowetsa m'sokosi, pakakolo, nkumayenda nako kudimba ndi kutchalitchi. Mumtima ankati Satana ndi bwino kumusunga kumapazi, kumene ungamuponde. Dzanja likayamba kutsikira kumwendo, ankalikweza msanga nkulemba chizindikiro cha mtanda. Anthu anadabwa kuti munthuyu wayamba kupemphera ngakhale pothirira kabichi.

Masabata anapita. A Gerevazio anaonda, analusa, anakalipira ngakhale nkhuku. A Filomena ankangowayang'ana mphuno m'mawa uliwonse.

Linafika tsiku la Lachinayi Loyera lija. A Gerevazio anakwecha zidendene ndi mwala mpaka kuyera, navala nsapato zobwereka kwa mlamu wawo a Dominiko. Za kachitini anaiwaliratu, poti kanali katasanduka ngati fupa la mwendo wawo.

Wansembe, mzungu wokalamba wa ndevu zoyera, anabwera chogwada ndi beseni, phazi ndi phazi, kusambitsa, kupukuta, kupsompsona. Atafika pa a Gerevazio, iwo anakoka sokosi mwachangu. Kachitini kanagwa pasimenti, chivindikiro uko, fumbi nkukwera molunjika m'ndevu za wansembe.

Anayetsemula koyamba, kwaya inasokoneza nyimbo. Kachiwiri, beseni linatayika. Kenaka atumwi onse khumi ndi awiri anali kuyetsemula, misozi ili chuchuchu.

"A Gerevazio!" anakuwa akatekisiti, akupukuta maso. "Lenti yonseyi mumatinamiza?"

"Sindinafwenkhe, aphunzitsi! Ndikulumbira, sindinatsegule n'komwe!"

"Nanga mumakasungiranji?"

"Kuti ndizimuponda Satana!"

Tchalitchi chonse chinaphulika ndi phwete. Akatekisiti anawagwira pamkono kuti awachotse pa benchi ya atumwi, phazi likadali louma. Pamenepo kumbali ya amayi kunaimirira a Filomena, nkhope atabisa m'chitenje.

"Asiyeni," anatero ndi mawu ang'ono. "Akunena zoona. Si fodya ameneyo, ndi tsabola wa kambuzi. Ndinasinja ndekha, ndinasinthitsa tsiku la Phulusa lomwe, iwo ali kosamba. Akanangofwenkha kamodzi, mukanawamva mpaka ku Mozambiki."

Wansembe anatola kachitini kaja, nakayang'ana ali patali. Kanali ndi zotsalira zofiira. Anaitanitsa madzi ena, nagwadanso, nasambitsa phazi la a Gerevazio pang'onopang'ono, ngakhale kupsompsona anachita mofulumira kwambiri.

Potuluka a Gerevazio ankayenda ngati agula galimoto.

"Mayi," anatero, "paja munati sindifika Lachisanu?"

"Khalani chete. Fodya wanu ndinatayira m'chimbudzi."

Ndinamufunsa mayi wa mbatata uja kuti zonsezi anazidziwa bwanji. Anandiyang'ana, nkuwonjezera mbatata ziwiri pamulu umene sindinagule.

"Chifukwa cha tsabola uja, wansembeyo anandipatsa chilango chopemphera korona sabata yathunthu, chogwada," anatero. "Mawondo anga mpaka lero sanaiwale."