Mpando Wothamangitsa Tulo

Mwa mipando yonse imene a kalipentala anakhomapo, wowanyaditsa unali umodzi, ndipo sanaugulitse. Anaukhomera mwana wawo wamkazi, amene mumsewu monse ankamutcha Dokotala chifukwa cha mutu wake wakuthwa. Miyendo yakutsogolo anaifupikitsa dala, thabwa lokhalira n'kulipala mpaka kuterera, kuti munthu akangoti asinze, atsetsereke n'kudzidzimuka. Bedi la mwanayo analiphwasula, matabwa n'kuwaimika kuseri kwa shedi yogwiriramo ntchito.

"Lidzabwerera mayeso akatha," anatero. "Tulo sitinalemeretsepo munthu."

Koma tulo sitipempha chilolezo kwa kalipentala. Dokotala anaphunzira kugona pampando womwewo, mapazi atakanikiza mwendo wa tebulo, mutu uli pa mkono wamanja, khosi litapindika ngati la nkhuku ya chitopa. Bambo ake akaona m'mawa kuti nyali ikuyakabe m'chipindamo, ankapita kushedi akuimba mluzu.

Kenako mwana uja anayamba kutembenuka thupi lonse akaitanidwa, chifukwa khosi linkakana. Pokhala ankagwira m'chiuno ngati nkhalamba. Tsitsi anasiya kupesa yekha.

"Bambo a Dokotala," anatero mkazi wawo tsiku lina, "mwanayu akumanga mabatani ndi dzanja lamanzere lokha. Kodi simukuona?"

"Ndi dzanzi chabe limenelo. Ifenso tinadutsamo."

Kudutsamo kuti? Sukulu anaisiyira panjira, ndipo chilonda chimenecho chinali chisanapole. Kuona kokha ankaona. Munthu wa matabwa amadziwa kuti thabwa laliwisi ukalisiya litapanikizika mokhota, limauma chokhota, ndipo palibe hamala yoliwongola. Mantha ankawagwira, koma ankawameza pamodzi ndi malovu.

Namwino woyandikana nawo nyumba, amene anabwera kudzatenga kabati yake, anamugwira Dokotala chala chimodzichimodzi, n'kumuuza kuti atukule dzanja. Dzanja linangoti lende. Namwino uja kuseka konse kunamuthera.

"Abambo, mtsempha wapanikizika uwu. Mwanayu azigona motambasuka, pabedi, tulo tokwanira. Ndipo mupite naye kuchipatala lero lomwe."

"Mayeso akatha, amayi. Tafika kale pakhomo, tibwerere?"

"Mawu a akulu amakoma akagonera," anatero namwino, n'kunyamula kabati yake.

M'mawa wa tsiku la mayeso, a kalipentala akunola mpeni wa pulena yopalira matabwa, anamva kapu ikusweka m'nyumba. Anadikira kuti amve mayi akukalipa, koma kunangoti zii. Posakhalitsa Dokotala analowa m'shedimo atavala yunifolomu, mutu utapendekera kumodzi, cholembera chili kudzanja lamanzere. Sankalira, ndipo chimenecho n'chimene chinawaopsa kwambiri bambo ake.

"Bambo, tepi yakuda ija ili kuti?"

"Ya chiyani, mwanangu?"

Anawapatsa dzanja lamanja. Zala zinali zozizira, zofewa ngati za munthu wogona. Anaika yekha cholembera pakati pa zalazo, koma chinagwera mu utuchi. Anachitola n'kuchibwezera.

"Mundimangire. Nthawi ikutha."

A kalipentala anavutika kupeza poyambira tepi. Atapapeza, anakulunga kamodzi, kawiri, maso ali kuseri kwa shedi kumene matabwa a bedi anali atayamba kudyedwa ndi chiswe.

"Ndathinitsa kodi? Zikuwawa?"

Dokotala anayang'ana dzanja lake ngati la mwini.

"Thinitsani basi, bambo. Sindikumva kanthu."