Chipata cha kwa Kuribayashi

M'tauni mwathu linga la mfumu linagumulidwa kalekale, kunangotsala miyala ndi ngalande yozungulira, koma anthu ake mpaka lero sanamve. Amakufunsabe kumene unabadwira: kumtunda kwa ngalande, kwa zidzukulu za asilikali a mfumu, kapena kumunsi, kwa amalonda. Ine ndine wakumunsi. Bambo anga ankagulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya.

Nditakwatiwa ndi Tadao Kuribayashi wakumtunda, apongozi anga, mayi Shizue, anandisonyeza kakhomo kakumbali, kolowera kukhitchini. Sanakalipe ayi. Anangoti chipata chachikulu chofolera ndi matailosi chija n'cha eni nyumba ndi alendo olemekezeka, amalonda amalowera apa kuyambira makedzana. Zinandipweteka, sindibisa. Tadao ankati ndizingodutsa, mayi azolowera, koma ine ndine wamakani: ndinkafuna andiitane okha. Ana anabadwa n'kukula, Tadao anatisiya, ine ndikuweramabe pa kakhomo kaja ndi matumba a mpunga. Ine ndi apongozi tinatsala awiri m'chinyumba chodontha, tikudyera pamodzi koma aliyense ndi khomo lake.

Chaka chatha mayi anagwa n'kuthyoka m'chiuno. Tsiku lotuluka m'chipatala galimoto inakanika kulowa mumsewu mwathu, poti makolo anaikhotetsa dala misewuyi kuti adani azisochera. Ndiye ndinawakankha pa njinga ya odwala mpaka kunyumba. Pachipata pali mtanda wopingasa pansi, wofika m'mawondo, woti njinga singadutse. Pa kakhomo kanga mpopanda chopinga, choncho ndinayamba kukhotera komweko.

Anagwira tayala. Anati iwo analowa pachipata ali mkwatibwi, sangabwerere kwawo ngati wogulitsa nsomba. Ndinapsa mtima, pang'onong'ono ndikanawasiya pompo. Koma nditayang'ana ndinaona munthu wamkulu akuchita manyazi mumsewu wopanda ndi galu yemwe.

“Ndiye tigona pano, amayi?” ndinafunsa.

“Tembenuka. Undibereke.”

“Mwaiwala kodi? Ine ndi mwana wa wogulitsa tofu, pachipata sindidutsa.”

“Usandivute, Fumie. Ndatopa.”

Ndinagwada n'kuwabereka. Anali opepuka ngati mtolo wa zovala zouma. Ndinakweza mwendo n'kuuponda mkati. Unzake ukadali kumsewu, anandifinya phewa kuti ndiime kaye.

Ndinkayesa ndawapweteka. Koma iwo anadzutsa mutu kuyang'ana chipinda cham'tsogolo, mmene timafukizira lubani makolo a m'banjamo, malemu Tadao ali pakati pawo. Analankhula ndi mawu aulemu aja amene ankasungira alendo akuluakulu, mpweya wawo ukundifunda m'khutu.

“Makolo, uyu ndi mwana wa m'nyumba muno. Musamudzudzule kuti wafika mochedwa. Ndamuchedwetsa ndine.”