Wakuba m'Dzenje la Luckmore

Mvula inagwa usiku wonse, ndipo kunja kutacha inali ikuwazabe. Njira za ku Kitsiyatota zinali matope ofiira okhaokha, moti a Kaitano anachita kukankha njinga yawo mpaka kukafika kumgodi.

A Kaitano anali munthu wosayankhulayankhula. Chimwalirireni mkazi wawo, Rozina, ngakhale moni ankangoyankha ndi mutu. M'gulu la makorokoza, okumba golide pamanja, a Luckmore, ntchito yawo inali yopukusa windilasi, mtengo wopingasa pakamwa pa dzenje umene umakulunga chingwe chotsitsira anthu ndi kukwezera matumba a miyala. Pamsinkhu wawo, panalibenso wina amene akanawalemba ntchito.

Anapeza anyamata ataunjikana, akusuzumira m'dzenje uku akuseka.

"Mudhara, bwerani mudzaone zimene mvula yatibweretsera," anatero Luckmore, mwini dzenjelo, powaitana ndi mawu a Chishona otchulira bambo wachikulire. "Wakuba. Anatsika ndi chingwe chake kuti atibere miyala, chingwecho n'kuduka. Mwendo wathyoka, ndipo madzi amufika m'chifuwa."

A Kaitano anasuzumira. Pansi panali mdima, koma mawu ankamveka, opempha m'Chishona, ofooka ngati a munthu amene wafuula kwa nthawi yaitali.

"Mukumudziwa," anatero Luckmore. "Ndi Admire."

Dzinalo ankalidziwadi. Chaka chatha Admire anabwera ndi gulu la zikwanje kudzalanda miyala pamalo omwewa. Rozina, amene ankagulitsa tiyi ndi mabanzi kwa okumba, anakankhidwa pothawa n'kugwera pamwala. Anathyoka chiuno, ndipo sanadzukenso pamphasa mpaka tsiku limene anamunyamula kupita kumanda. Wokankhayo anali Admire. Anthu onse anaona.

"Palibe amene wamuponyamo," anapitiriza Luckmore. "Ifenso sitimukhudza. Tingokhala pansi, madzi agwire ntchito yawo. Inu khalani kutsogolo kuno, ndinu mwini mlandu."

Wina anawakokera chigubu kuti akhalire. A Kaitano anachiyang'ana chigubucho, ndipo miyendo yawo inafunadi kukhala. Mtima unkawauza kuti kukhala pansi si kupha. Miyezi yonseyi ankagwada m'mawa uliwonse m'kanyumba kawo, osapempha chuma kapena thanzi, koma kuti Mulungu asawakumanitse ndi munthu ameneyu. Lero wawakumanitsa, chingwe chili pafupi ndi dzanja lawo. Zimene Mulungu amafuna kwa munthu amene mdani wake ali pamavuto ankazidziwa bwino; anazimva m'tchalitchi kuyambira ali mwana kukomboni ya mgodi ku Shamva. Sanafunike mneneri woti awamasulire.

Anavula jekete, n'kulikoleka panjinga. Anamasula chingwe cha windilasi n'kuyamba kuchitsitsa.

Kuseka kunatha.

"Achimwene, mwapenga?" anafunsa Luckmore. "Ameneyu ndi amene anakupherani amayi kunyumba. Kapena mwayamba kumukonda?"

"Sindikumukonda."

"Nanga?"

"Ndauzidwa."

"Ndani wakuuzani? Bwana pano ndine."

A Kaitano anawerama n'kuyankhulira m'dzenje: "Zimange m'khwapa. Ukamanga, gwedeza."

Luckmore anatola chikwanje n'kuchigoneka pachingwe, pamene chimatsikira kuchoka pamtengo. "Ndichidula."

A Kaitano anaika dzanja lawo pachingwepo, pansi penipeni pa chikwanjecho. Linali dzanja lokalamba, la zala zopindika. Koma silinachoke. Anamuyang'ana Luckmore m'maso, mvula ikuwatsika m'ndevu.

Luckmore anali atamenyapo anthu ambiri, koma onsewo ankamubwezera kapena kuthawa. Ndi munthu wongoima sanadziwe chochita. Anatembenukira anyamata ake, iwo n'kuyang'ana kumbali. Anachotsa chikwanjecho n'kulavula.

"Chabwino. Kokani nokha, tione Mulungu wanuyo. Aliyense amene agwire mbali inayo, ntchito yatha. Inunso, mudhara, mukangomutulutsa musadzapondenso pano."

Chingwe chinagwedezeka.

Windilasi ili ndi zogwirira ziwiri chifukwa munthu mmodzi sangakweze mnzake yekha. A Kaitano ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense pamenepo. Anagwirabe n'kukankha. Mtengo unalira, n'kuzungulira kamodzi. Anakankhanso. Sanamve moto uliwonse ukutsika kumwamba. Anangoona kuti akamaliza kuzunguliza kumodzi, mphamvu ya kuzunguliza kwina ikupezeka, yokwanira kumodzi komweko basi. Akanati adikire kuti mphamvuzo ziyambe zabwera, bwenzi atakhala pachigubu paja.

Mapazi anayamba kuterereka m'matope. Chogwirira chinaima m'mwamba, chikufuna kubwerera, ndipo anachitchinga ndi phewa. Pansi munthu anabuula.

"Siyani, mufera zachabe," anatero mmodzi mwa anyamatawo, koma mawu ake analibenso chipongwe.

Chapatali, pamalo otsukira miyala, panali Spiwe, mayi amene ankaphika limodzi ndi Rozina. Kumeneko akazi saloledwa kuyandikira pakamwa pa dzenje. Okumba amati golide amathawa. Spiwe anaika beseni lake pansi, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kubwera molunjika.

"Iwe Spiwe, bwerera!" anakuwa Luckmore. "Utithawitsira golide."

"Golide wako angakonde kugona ndi mtembo?" anayankha Spiwe. "Ndiye ukamugulitse akununkha. Suntha."

Anagwira mbali inayo. Sanayang'anane ndi a Kaitano. Anangoyamba kupukusa, wina akakankha wina akukoka, chingwe chonyowa chikukulungika pamtengo, matope akudontha.

Mutu wa Admire unatulukira, kenako mapewa. Milomo inali itatuwa ndi kuzizira. A Kaitano anamugwira pakolala n'kumukokera pamtunda ngati thumba la miyala. Mwendo wamanzere unali utapindikira kumene mwendo supindikira.

Admire atatsegula maso n'kuona amene wamutulutsa, anayesa kukwawa chambuyo. Kenako anayamba kuwomba m'manja mofooka, akuwatchula agogo m'Chishona. "Sekuru, ine sindinkadziwa kuti amayi aja..."

"Khala chete," anatero a Kaitano. Dzina la Rozina sankafuna kulimva pakamwa pameneponso. Mkwiyo wawo unali pomwe unali m'mawa muja, sunachepe n'komwe. Anathyola timitengo tiwiri, anang'amba malaya a Admire yemweyo, n'kumanga mwendowo.

Luckmore anali ataima potero, chikwanje chili lendee m'dzanja. "Mwamva zimene ndanena, mudhara. Mawa musabwere. Mukadya kumvera kwanuko."

"Ndamva."

"Ndipo ameneyu akachira adzabweranso ndi anzake. Mudzatiuza chiyani?"

A Kaitano anaganiza pang'ono, chifukwa funsolo silinali lopusa. Za mawa sanauzidwe.

"Amayi," anatero kwa Spiwe, "ndigwirireni njinga."

Anamunyamula Admire n'kumukhazika pakaliyala, n'kuyamba kukankha njingayo kulowera kumsewu wopita kuchipatala ku Bindura.