Kasupuni Kamodzi ka Chiponde

Adokotala atandiletsa mtedza mphumu inasiya, koma mlamu wanga Sanatu atayamba kundiphikira inabwereranso. Ndinkabanika ndikangodya, mpaka ndinayamba kuopa chakudya. Anthu ankati ndi maganizo chabe, nanenso ndinakhulupirira kuti mutu wanga sukuyenda bwino. Pa swala iliyonse, pemphero lathu la Chisilamu, ndinkamupempherera Sanatu, chifukwa ankandibweretsera msuzi wa therere atauvundikira ndi nsalu kuti fumbi la mumzinda wathu wa Tamale lisagweremo.

Lachisanu lina ndinapita kwa Sanatu kukabweza mbale. Ndinamupeza akuthira chiponde m'kapoto kanga.

"Iii, alamu, kasupuni kamodzi kokha!" anatero akuseka. "Miyezi itatu mukudya, mwafa ngati? Ndimafuna muone kuti matenda anuwo ndi am'mutu."

Ndinaika mbaleyo pansi n'kuchokapo. Madzulo ake ndinasonkha moto wangawanga. Pa swala, dzina lake ndinalephera kulitchula.