Manda a Ikram ku Busan

Mayi Rahila sanapemphe zambiri. Anangoti Sufiyani, mwana wawo wamkulu, apite ku Korea akafike pamanda a mng'ono wake Ikram, akathirepo madzi, akajambule, abwere nacho chithunzicho. Amuna awo anamira ndi mwera chakufupi ndi Liwaladzi zaka makumi awiri zapitazo, ndipo mpaka lero alibe poti n'kuloza. Kutayanso mwana popanda manda sakanapirira. Choncho Sufiyani anagulitsa injini ya boti lake, nakwera ndege yozungulira dziko lonse poti ndiyo inali yotchipa. M'chikwama munali jumbo ya usipa wouma umene mayi ake anamulongedzera kuti asakafe ndi njala kwa eni.

Mzinda wa Busan unamulandira ndi mphepo yoluma makutu. Munthu wokulira pagombe la Nkhotakota amadziyesa katswiri wa zamadzi, koma apa Sufiyani anasanduka mwana wa dzulo. Sitima zinali zazitali kuposa mzikiti wa paboma, nyumba zitaberekana paphiri, anthu akungodutsana osapatsana moni. Kumsika wa nsomba anapeza amayi ovala majombo akugulitsa zamoyo zimene kwawo msodzi akanazibwezera m'madzi akupemphera. Koma pakona pena panali tinsomba touma, usipa weniweni, ndipo mtima unamuwawa. Ikram ayenera kuti ankaima pomwepa n'kumakumbuka kwawo.

Anagona m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu, mabedi osanjikizana, chikwama atachitsamira. M'mawa anatsikira kugombe kukasamba kumaso ndi kumapazi asanaswali, natapa madzi n'kuchukucha m'kamwa monga amachitira kwawo. Anawalavula msanga. Mchere wokhawokha. Za mcherewu anaziphunzira kale kusukulu, koma lilime linali lisanauzidwe.

Kumzikiti anakumana ndi Abasi, msodzi wa ku Indonesia amene ankagwira ntchito ndi Ikram pasitima imodzi. Chingelezi chawo onse awiri chinali chothyokathyoka, koma uthenga woipa susowa womasulira. Manda kunalibe. Ikram anadwala n'kumwalira sitima ili pakati pa nyanja, ulendo wa masabata atatu kuchokera kumtunda. Abasi ndi anzake awiri anamusambitsa, anamukulunga m'nsalu zoyera za pabedi, anamuswalira, n'kumutsitsira m'madzi. Kalata imene kampani inatumiza kwawo inangoti waikidwa, osatchula malo.

Atamva za mayiwo, Abasi anamva chisoni napereka nzeru. Kunja kwa mzinda kunali manda a Asilamu, ena opanda dzina, ndipo chithunzi sichiyankhula. Sufiyani anapitadi, mabasi awiri, naima pamanda a mlendo wina foni ili m'manja. Anajambula bwinobwino, maluwa akuoneka. Kenaka manyazi anamugwira. Kunamiza mayi ake kuti wadya pamene sanadye anazolowera, koma kuwapatsa mwana wa eni kuti azimulira moyo wawo wonse kunamukanika. Anachifufuta chithunzicho.

Anabwerera kudoko naimba foni. Kwawo kunali kudakali m'mawa, ndipo ankamva mabelu a kabaza akudutsa kuseri kwa nyumba.

"Wafika pamanda?" anafunsa mayi Rahila, moni asanathe.

"Amayi, manda kulibe. Ikram ali m'madzi."

Sufiyani anadikira kumva kulira pafoni, koma sikunabwere. Anaopa kuti wawapha mayi ake ndi pakamwa pake.

"Anamusambitsa?" anafunsa pamapeto pake.

"Anamusambitsa, anamuveka sanda, anamuswalira. Anthu atatu. Mmodzi ndamuona ndi maso angawa."

"Ndiye waposa bambo ake," anatero motsitsa mawu. "Usipa uja wamaliza?"

Anawauza kuti ulipo. Sanawauze kuti ndiwo unali chakudya chake cha masiku anayi otsala.

"Usaudyenso. Ukawapatse amenewo. Wosambitsa mwana wako sabwerera chimanjamanja."

Foni itaduka, Sufiyani anakhala pansi pasimenti yozizira, namanga bwino kukamwa kwa jumboyo kuti fungo lisathawe. Kuyambira tsiku limene kalata ija inafika anali asanagwetse msozi. Analira apo, jumbo ya usipa ili pamiyendo.