Gulugufe wa M'bokosi la Machesi

Tsabola anali atagwada pa udzu, kamera ili m'manja, pamene anamva ukonde ukuti fwaa! kumbuyo kwake. Dzina limeneli adamupatsa ndi anzake a ku ofesi chifukwa cha lilime lake, koma tsikuli lilimelo linayamba lauma kaye.

Ntchito yake inali yowerenga mitundu ya agulugufe m'phiri lina nyengo yotentha iliyonse. Ankatsata kanjira kamodzimodzi, maso patsogolo, ndipo aliyense wokodwa mu ukonde ankangomuona mapiko n'kumumasula wamoyo. Chaka chimenechi zinthu zinavuta. Kampani yophwanya miyala inkafuna dambo la pamwamba pa phirilo, ndipo chokhacho chimene chikanailetsa chinali kagulugufe kabuluu ka madontho oyera, kamene anthu ankati kanatha kalekale. Tsabola anali atakaona ndi maso ake, kali kokhakokha, koma zithunzi zake zinkangotuluka mbuu. Abwana ake adamuseka pamaso pa anthu. "Mayi, maso si umboni. Sabata ino ikatha, mathirakitala akwera."

"Achemwali, taonani! Zatheka!"

Anali mlongo wake wamng'ono, dalaivala wa ku ofesi, amene ankamunyamuliranso ukonde. Bamboyo anatambasula dzanja akumwetulira mano onse pamtunda. Pachikhatho panali kagulugufe kaja, mapiko atapindika, chifuwa chitaphwanyika.

"Wachita chiyani iwe?"

"Ndangokafinya pang'ono kuti kasathawe. Si umboni uja amaufuna abwana?"

Tsabola anadzuka. Anakalanda n'kukaika pa dzanja lake. Ha! Ngakhale kulemera kwake kunalibe.

"Yang'ana mimbayi, chitsiru iwe! Yang'ana! N'kakazi aka, mazira ali tho. Kamafuna tsamba loti kaikirepo, iwe n'kukapha ngati nsabwe. Mutu wakowo amayi anakuberekera kuti uzingovekapo chipewa?"

Kumwetulira kuja kunazima. Mlongo wakeyo anaponya ukonde pansi.

"Ayi, lero musandilalatire. Inu paja mumati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwadekha, mwapeza chiyani? Ku ofesi amati mumaona mizukwa. Amalankhula m'galimoto ngati ine ndilibe makutu, ine n'kumangomeza malovu chifukwa ndinu achemwali anga. Nkhono yanuyo mathirakitala aiponda musanaione maso!"

"Khala chete!"

"Ndakhala chete nthawi yaitali."

Mawuwo anamubaya, ndipo chimene chinamukwiyitsa kwambiri n'chakuti sanali abodza. Anamufulatira n'kupita pa kachitsamba kamene gulugufeyo ankakonda kuterapo. Anatembenuza masamba, limodzi ndi limodzi, kufunafuna ngakhale dzira limodzi. Panalibe. Ndiye anayamba kukumba pansi pa chitsambacho ndi zala, dothi likulowa m'zikhadabo. Akakwirire pomwepo basi. Abwana aja asadzakaone, asadzakabaye ndi phini n'kumajambulitsa nako ngati anakapeza ndi iwo.

Kadzenje katakwanira, anadzutsa mutu. Kumunsi, m'mbali mwa msewu, mathirakitala achikasu anali ndandanda, akunyezimira padzuwa. Pafupi ndi bondo lake agulugufe ena, oyera ndi achikasu, ankamwa pa matope osadziwa kanthu. Amenewa analibe wowalankhulira, chifukwa anali ambiri.

Tsabola anatukwana. Anatukwana abwana, anatukwana kampani, anatukwana kamera yake yachabechabe, kenako anadzitukwana yekha, pakuti anadziwa chimene achite ndipo chinamunyansa.

"Bweretsa machesi ako."

Mlongo wake anamupatsira bokosilo patali, ngati munthu wopatsa galu wolusa chakudya. Tsabola anakhuthulira machesi onse m'thumba la malaya, n'kugoneka kagulugufe kaja m'bokosimo mosamala, mapiko asathothoke fumbi.

"Ndiye kuti dambo lapulumuka, eti achemwali?"

"Lapulumuka. Mwini wake ndi uyu tikupita nayeyu."

Awiriwo anatsika phiri. M'galimoto Tsabola anatsegula bokosi lija pang'ono kuti aonenso. Mphepo ya pawindo inalowa, phiko limodzi n'kugwedezeka, ndipo mtima wake unagunda ngati wa munthu wopusa, kuyesa kali moyo.

"Tseka windolo," anatero.